Pikapu ya Bambo Ikuchedwa Kumva Moto

Lachinayi, 9 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi bondo lija likuwavutabe kukachita mitambo, koma pakamwa pali bwinobwino, akutilamulira tonse monga mwa masiku onse. Nkhuku zikuikira, ndipo denga la khola limene munkadandaula nalo lija tinalikhoma mvula isanaganize zobwera.

Mudabwa kuti mlongo wanu, amene amayankha mauthenga a pafoni ndi mawu awiri okha, lero wagwira cholembera. Chifukwa chake n'chakuti pafoni mumandidula ndisanafike pakati, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mpaka kumapeto musanayankhe. Mtima wanu wapachalawo ndimaudziwa, tonse tinautengera kwa munthu mmodzi. Choncho khalani pansi, alamu akupatseni madzi. Pepalali mukaliona lada m'mbali musadandaule, ndi girisi, ndikulembera pa benchi ya kugaraja anzanga atapita kukadya.

Mwezi wathawu Bambo anabwera kuno kuntchito ndi pikapu yawo yoyera ija, mathireyi a mazira opanda kanthu ali kumbuyo. Mukudziwa kuti Bambo akamabweretsa galimoto kwa makaniko amakhala ngati akupita kukazulitsa dzino, ngakhale makanikoyo ndi mwana wawo. Anaimika pansi pa mtengo, n'kutsika pang'onopang'ono, n'kundipatsa makiyi akuyang'ana kumbali.

"Mayi makaniko," anatero, monga amanditchulira akafuna kundiseka pamaso pa anzanga, "galimoto yangayi yayamba ulesi. Ndikaponda moto imayamba yaganiza kaye, kenako ndiye n'kunyamuka."

"Imatero injini ikazizira kapena ikatentha?" ndinafunsa.

"Nthawi iliyonse imene yafuna. Makamaka pamphambano, pamene munthu ukufuna kulowa mumsewu msanga."

Inu a muofesi ndikufotokozereni pang'ono, kuti musatayike. Munthu akaponda moto, injini imafuna mpweya, mafuta ndi moto wa mapulagi, zonse pa nthawi yake. Chimodzi chikachedwa, galimoto imachita chibwibwi isananyamuke. Vuto limeneli timaliona pafupipafupi, moti sindinade nkhawa. Ndinatsegula boneti, n'kutulutsa fyuluta ya mpweya, ndipo ndinaipeza yodzaza fumbi ndi nthenga za nkhuku. Ndinaikweza m'mwamba kuti onse aone.

"Bambo, galimotoyi ikupumira m'khola!"

Anzanga anaseka, Bambonso anaseka. Ndinaika fyuluta yatsopano, n'kuwakhazika Bambo pa benchi, ine n'kupita kukayesa galimoto. Ndi momwe timachitira pagaraja pano: mwini galimoto amakhala pa benchi, makaniko ndiye amayendetsa, chifukwa mwini wake akakhala pambali pako amalankhula mpaka sumva kulira kwa injini. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba zosungira katundu, ndinakwera chitunda, ndinaima n'kunyamukanso. Galimoto inkamvera ngati mwana woleredwa bwino. Ndinawabwezera makiyi ndikudzimva.

Sabata isanathe anabweranso. "Ulesi uja ulipobe," anatero.

Ndinasintha fyuluta ya mafuta. Ndinayeza mphamvu ya pampu, inali bwino. Ndinamasula kachitseko kolowetsa mpweya mu injini, kamene kamatseguka munthu akaponda moto, ndinakapeza kakuda ndi mwaye, ndipo ndinakatsuka mpaka kuwala. Mapulagi ndinasinthanso ngakhale anali asanathe kwenikweni. Ndinayesa ndekha, galimoto inali bwino. Anapita, n'kubweranso.

Apa ndiye ndinagwira njakata. Poti mutu umodzi susenza denga, ndinaitana a Chipewa, mkulu wa zamawaya pagaraja pano, amene sitinawaonepo mutu wawo wopanda chipewa chiyambire ntchito. Anatsata waya aliyense, analumikiza kompyuta yathu yoyezera ija, ndipo kompyutayo inati palibe cholakwika. Bambo ali pa benchi anapukusa mutu.

"Sukulu yonse ija, galimoto ya bambo ako yokha yakukanika?"

Ankaseka, koma ine zinandibaya. Ndinawayankha mwamwano kuti ngati sakundikhulupirira, magaraja ndi ambiri m'tauni muno. Anangotenga makiyi n'kunena kuti, "Ndili ndi makaniko mmodzi ine."

Kenako tsiku lina m'mawa kunabwera Amayi. Inu mukudziwa kuti Amayi saponda pagaraja, amati pansi pake pamadetsa nsapato ndipo anyamata ake amatukwana. Nditawaona pageti atagwira kachikwama kawo ndi manja awiri, ndinasiya zimene ndinkachita n'kuwathamangira. Anandikokera kuseri kwa lole imene tinkakonza.

"Dzulo tikanafa," anatero. "Pamphambano ya kumsika paja. Bambo ako analowa mumsewu waukulu, galimoto n'kungoima pakati, ikuyenda ngati kamba. Lole ikubwera uko ikuliza hutala. Iwo akukuwa kuti nyamuka, nyamuka! Ine ndinatseka maso. Mwini lole ndiye anatipulumutsa, anakhotera kumbali. Mazira theka anasweka. Iwe, konza chinthuchi, apo ayi ine sindikweranso."

Atatsala pang'ono kutuluka pageti anatembenuka. "Uwauzenso asiye kuvula nsapato m'galimoto. Munthu wamkulu kumafika kwa makasitomala ali ndi masokosi okha ngati wothawa ngongole."

Ndinaseka, achimwene. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu okha, mutu wanga unali mu injini.

A Chipewa ndiwo anandikumbutsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati chatsala n'chimodzi: galimoto za mtundu umenewu zili ndi kachipangizo pa chopondera moto, kamene kamauza injini kuti phazi laponda motani. Kakayamba kutha kamagwira ntchito lero, mawa n'kugona, ndipo kompyuta siikagwira galimoto itaima. "Lumikiza kompyuta, ukhale pambali, mwini wake ayendetse momwe amayendetsera," anatero. "Mwina pali kapondedwe kawo kamene iwe sukuponda."

Loweruka m'mawa tinanyamuka awiri, Bambo pa chiwongolero, ine pambali, kompyuta ili pamiyendo. Pagalasi pake pamaoneka nambala imene imakwera phazi likaponda, n'kutsika likachoka. Asanalize injini anawerama, n'kuvula nsapato, n'kuzikankhira pansi pa mpando.

"Nsapato zalakwanji?" ndinafunsa.

"Kutentha," anayankha mwachidule.

Tinafika pa msewu wowongoka uja wa kuseri kwa nyumba zosungira katundu, kumene Loweruka sikudutsa galimoto. Ndinawauza kuti aime, kenako anyamuke ngati ali pamphambano.

"Pondani, Bambo."

"Ndaponda."

Nambala sinasunthe. Galimoto inkangokwawa. Kenako mwadzidzidzi nambala inalumpha, injini inabangula, ndipo tinakankhidwira kumbuyo m'mipando.

"Waona? Ndi zimenezo!" anatero mosangalala, ngati munthu amene mboni yake yafika.

Nanenso ndinasangalala, ndinati kachipangizo kaja takagwira. Ndinawauza kuti tibwerezenso. Ulendo uno, m'malo moyang'ana pagalasi, ndinaweramira pansi kuti ndione ngati chopondera chikugwira penapake.

"Pondani."

"Ndaponda."

Achimwene, phazi la Bambo silinali pa chopondera. Linali pambali pake, likukanikiza mphira wa pansi ndi mphamvu zonse, mpaka mtsempha wa pamwendo kuonekera. Kenako ndinawaona akuponya diso pansi mwachangu, ngati mwana wobera mayeso, n'kusuntha phazi mpaka litapeza malo ake. Galimoto inalumpha. Chopondera chinali bwino, kachipangizo kanali bwino, injini inkayankha nthawi yomweyo imene yauzidwa.

Ndinawapempha kuti aime pambali. Pofuna buleki anaponyanso diso pansi. Ndinatsika, n'kuzungulira, n'kutsegula chitseko chawo, n'kugwada pa fumbi ngati ndikufuna kuona mawaya a pansi pa chiwongolero. Iwo ankayang'ana kutsogolo, akundiuza za nkhuku ina imene yayamba kudya mazira ake. Ndinatulutsa sikuludiraiva m'thumba la ovolosi, n'kuwagunda nayo pa chala chachikulu. Anapitiriza za nkhuku. Ndinakanikiza nsonga yake pansi pa phazi, mwamphamvu moti inu mukanandimenya khofi. Sanaphethire n'komwe. Pamenepo ndinaona kuti sokosi yamatirira pansi pa chala, ndipo nditaikoka pang'ono ndinapeza bala, lofiira, la masiku angapo, limene mwini wake sankalidziwa.

Ndakhala ndikugwada pansi pa magalimoto a anthu zaka zonsezi, koma sindinalemedwepo kudzuka ngati tsiku limenelo. Misozi inkagwera pa mphira ndipo ndinalibe nsalu yoyera yopukutira.

"Wapeza?" anafunsa.

"Ndapeza, Bambo."

"N'chiyani?"

"Galimoto ilibe vuto."

Anagwira chiwongolero ndi manja onse. Kenako anati, "Yang'ananso."

"Ndayang'ana, Bambo. Ndakubayani ndi sikuludiraiva pansi pa phazi. Simunamve."

Anayang'ana pansi, anaona sokosi ili m'manja mwanga, anaona balalo. Sanadabwe monga ndinkaganizira. Anapuma mozama, n'kuzimitsa injini.

"Zinayamba nthawi yozizira ija," anatero. "Ngati ndavala masokosi ambirimbiri. Ndimati ndikavula nsapato ndizimva bwino." Kenako anandigwira pamutu, pa kansalu kanga kakuda ndi oilo, monga ankachitira ndili wamng'ono. "Ndimati mwana wanga ndi katswiri. Akafufuza bwino apeza kanthu mu injinimo, tisintha, basi zatha."

Ndiye kuti maulendo onse aja ankabwera kudzandipempha kuti vuto likhale la galimoto. Ine n'kumawasinthira mafyuluta, n'kumawayankha mwano. Ndikaganiza zimenezi mtima umandipweteka mpaka lero.

Anatsika okha, n'kuzungulira kutsogolo atagwira boneti, n'kukakhala kumpando wa pambali. Chibadwire sindinawaonepo Bambo atakhala mbali imeneyo. Njira yonse ankandidzudzula kuti ndikuchedwa kusintha magiya, ndipo ine ndinkangovomera.

Lolemba tinapita kuchipatala. Ndi shuga, achimwene. Adokotala anati wakhala m'thupi nthawi yaitali mwakachetechete, ndipo wawononga mitsempha ya kumapazi, makamaka phazi la kumanja. Anatsuka bala, anapereka mankhwala, anawauza Amayi zoyenera kuphika ndi zoyenera kubisa. Bala likupola bwino, musade nkhawa ndi limenelo. Za dzanzi anati mwina lichepa shuga akatsika, mwina ayi, sangalonjeze. Koma za chiwongolero sanazungulire: asayendetse.

Tikutuluka, Bambo anandigwira mkono pakhonde. "Usamuuze mkulu wako," anatero. "Ameneyo abwera ndi wogula galimoto m'thumba."

Musakwiye, mukudziwa kuti sananame. Chaka chatha munanena kangati kuti agulitse pikapu, asiye mazira, abwere adzakhale kwanu? Munkanena mwachikondi, ndikudziwa. Koma munthu amene anayendetsa malole ndi mabasi moyo wake wonse osagundapo ngakhale mbuzi, amene anatiphunzitsa sukulu ndi chiwongolero, mukamuuza kuti akhale pakhonde aziwerenga nyuzipepala, amamva ngati mukumuyeza bokosi.

Ndinkaganiza kuti mawu a adokotala awamva. Lachitatu lake Amayi anandiimbira foni akulira, ati Bambo alongedza mazira apita. Ndinasiya galimoto ya munthu pa jeke n'kuthamangira kunyumba. Ndinawapeza akubwerera, akulowa pageti pang'onopang'ono, thukuta lili kamukamu, maso akusinthana pakati pa msewu ndi mapazi. Ndinakalipa, sindibisa. Ndinawafunsa ngati akufuna kupha mwana wa munthu pamsewu. Anandiyankha motsitsa mawu, osandiyang'ana.

"Amagolosale akudikira mazira. Ndikawauze chiyani? Kuti dalaivala uja phazi lake silikudziwa pamene pali buleki? Anthu amene ndinkawaphunzitsa kuyendetsa azindiloza chala?"

Madzulo ake, iwo akusamba, ndinatsegula boneti. M'kabokosi ka mafyuzi muli kachipangizo kakuda, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kotchedwa rile, kamene kamayatsa pampu ya mafuta. Kakachoka, injini imazungulira koma siilira. Ndinakazula n'kukaika m'thumba. Nzeru imeneyi anandiphunzitsa ndi Bambo omwewo ndili kamtsikana, ati ndi momwe ankachitira akagona panjira kuti akuba asathawe ndi galimoto.

Zimene zinachitika m'mawa mwake anandiuza ndi Amayi, amene ankasuzumira pawindo la kukhitchini. Bambo analowa m'galimoto, anatembenuza kiyi, injini inazungulira osalira. Anayesanso. Anatsika, anatsegula boneti, ndipo sanafufuze kwina kulikonse, anapita molunjika pa kabokosi kaja. Anayang'ana malo opanda kanthuwo nthawi yaitali, mpaka anaikapo chala. Amayi akuti ankangodikira kuti dzina langa limveka mpaka kumsewu. Koma Bambo anatseka kabokosi bwinobwino, n'kutsitsa boneti.

Nthawi yomweyo atelala oyandikana nafe aja anasuzumira pampanda. "Yatani galimoto, akulu?"

"Yafa," anatero Bambo mokweza, kuti ndi a kutsidya kwa msewu omwe amve. "Sipeya yake ndi yosowa kwambiri. Mwana wanga akufunafuna, koma akuti itenga nthawi."

Kuyambira tsiku limenelo, msewu wathu wonse ukudziwa kuti pikapu ya Bambo ikudikira sipeya. Amagolosale akutumiza anthu awo kudzatenga mazira pakhomo, ndipo aliyense akafika amaima pa galimoto n'kupereka nzeru zake. Wina akuti ndi batire, wina akuti ndi mafuta oipa a masiku ano. Bambo amamvetsera mwaulemu, n'kuwafotokozera momwe magalimoto amakono aliri osalimba poyerekeza ndi malole akale. A Chipewa anadutsa Lamlungu, anaweramira mu injini, anapukusa mutu n'kunena pamaso pa anthu kuti vuto lotere sanalionepo. Mulungu awadalitse bambo amenewo. Ine ndiye mbiri yanga yapita, ndine makaniko wolephera galimoto ya bambo ake, ndipo atelala amandiyang'ana mwachisoni ndikamadutsa. Zilibe kanthu, ndisenza.

Ine ndi Bambo sitinakambepo za rile ija, ngakhale liwu limodzi. Ndikapita madzulo kukawatsuka bala amandifunsa pamaso pa Amayi kuti, "Sipeya ija yapezeka?" Ndimati, "Sinapezeke, Bambo." Amati, "Chabwino, usathamange, upeze yeniyeni." M'mawa uliwonse amatsuka pikapuyo, amayeza oilo, amagogoda matayala. Nthawi zina Amayi amawapeza atakhala pa chiwongolero, zitseko zili zotseka, akumvera wailesi.

Kachipangizoko ndikuyenda nako m'thumba la ovolosi, ndipo pano ndikulemba kakundikanikiza pantchafu. Ndikuopa kukasiya kunyumba, ndikuopanso kukataya. Masiku ena ndimadzimva ngati wakuba amene walanda nkhalamba miyendo. Masiku ena ndimakumbukira lole ya pamphambano ija, ndi Amayi atatseka maso, n'kudziuza kuti ndinachita bwino. Ndatopa kuganiza ndekha, achimwene. N'chifukwa chake ndaswa lamulo lawo n'kukulemberani.

Tsono zopempha zanga ndi izi, ndipo mundimvere ngakhale ndine wamng'ono. Musaimbe foni mukangomaliza kuwerenga, gonani kaye. Mukadzaimba, mawu akuti kugulitsa asatuluke pakamwa panu. Musawafunse za phazi, adziwa kuti ndaulula ndipo adzatitsekera tonse kunja. Afunseni za galimoto. Mukawafunsa kuti galimoto ikupeza bwanji, adzakuuzani zonse zimene mukufuna kudziwa, ingomvetserani bwino. Ngati kumeneko kuli nsapato zofewa, zotakasuka kutsogolo, zopanda msoko m'kati, adokotala anati n'zimene zikufunika. Saizi yawo ndi yanu yomweyo.

Anzanga abwerera, ndipo abwana ayamba kuyang'ana wotchi, choncho ndilekere pano. Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti maluwa amene anabzala pakhomo aja akana kufa ngakhale nkhuku zikuwayesa tsiku ndi tsiku. Ana muwapsompsone, ndipo wamkuluyo mumuuze kuti azakhali ake akudikirabe chithunzi cha yunifolomu yatsopano. Amayi akupereka moni, akuti mukuonda pa zithunzi, muzidya.

Dzulo ndinawauza Bambo kuti ndikulemberani kalata, ndipo ndinafunsa ngati ali ndi mawu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira anadziwa zimene zilembedwemo. Anati ndikupatseni moni, ndikuuzeni kuti iwo ali bwino, nkhuku zili bwino, galimoto yokha ndiyo yadwala. Ndinali nditafika kale pachitseko pamene anandiitananso.

"Umuuze kuti kwawoko masitolo ndi aakulu, mwina sipeya ija ingapezeke. Koma akaipeza asatumize pa basi, zinthu zimasowa. Abwere nayo yekha."

Ndine mlongo wanu wokukondani,
wa manja akuda uja.